Kusanthula Nkhokwe ya NLTK: Cenjezo kwa Ofufuza Cinyanja

NLTK ndi nkhokwe ya zida za pakompyuta zosanthulira zinenero, yolembedwa m'Python, imene Steven Bird ndi Edward Loper anayambitsa mu 2001. Wofufuza amene sanaigwiritsepo nchito ayambe waona magawo ake, monga tokenize lodula mau ndi stem lopeza tsinde, kenaka awerenge malongosoledwe a cida ciliconse.

Cifukwa cake n'ici. Cida ca wordpunct_tokenize cimadula mau paliponse pali cizindikiro, motero liu lakuti ng'ombe limasanduka zidutswa zitatu. Naco PorterStemmer, copangidwira Cingerezi, cimacotsa mathero a mau okha, pomwe mneni ngati ndinamuona amaonetsa mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani kumayambiriro, tsinde lisanafike. Wonyalanyaza malongosoledwe adzafalitsa ziwerengero zolakwika za mau a Cinyanja.