Fomu ya Google Summer of Code ndi yaulere, chodula ndi njira yofikira pa fomuyo

Marichi akamatha chaka chilichonse, achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta amatumiza mapempho ku Google Summer of Code. Pofika Meyi ambiri amauzidwa kuti sanasankhidwe, kawirikawiri popanda kuwafotokozera chifukwa.

Ndondomekoyi inayamba mu 2005. Google imalipira munthu kuti ali kwawo komweko agwire ntchito ndi bungwe lopanga mapulogalamu omwe aliyense ali ndi ufulu wowasanthula, kuwakonza ndi kuwagawa. Kuyambira 2022 sipafunikanso kukhala wa pa yunivesite: zaka 18 ndi kukhala wachilendo pa ntchitoyi n'zokwanira. Kulembetsa kulibe malipiro, choncho wofuna ndalama kuti "akulowetseni" ndi mbava basi.

Limodzi mwa mabungwe omwe akhala akutenga nawo mbali ndi GNU Radio, yomwe Eric Blossom anayambitsa mu 2001. Imachititsa kompyuta kugwira ntchito ya wailesi: kusefa mafunde, kuchotsa phokoso, kutulutsa mawu. Ndi kachipangizo ka RTL-SDR kobaya pa USB, mtsikana wa ku Katete atha kuona mafunde a wailesi ya Mphangwe akuvina pa sikirini yake. Kuulutsa mafunde akeake ndi nkhani ina, imeneyo imafuna chilolezo cha ZICTA.

Pomwe ambiri otumiza mapempho amagwera ndi apa. Wosankha anthu si Google. Iyo imangogawira mabungwe malo, osankha ndi alangizi a mabungwewo, anthu odzipereka omwe ali ndi ntchito zawo zina. Pempho lochokera kwa munthu amene sanamumvepo amaliwerenga mothamanga, ngakhale Chingerezi chake chikome bwanji. Amafuna dzina lomwe analiona kale pa GitHub likukonza kolakwika kakang'ono mu C++ kapena Python, likudzudzulidwa, n'kubweranso litakonza. Mabungwe amalengezedwa cha mu Febuluwale, ndiye woyembekeza tsiku lotsegulira mapempho wachedwa kale. Alangiziwo nawonso ali ndi khalidwe lawo. Funso lomwe yankho lake lili m'malangizo oyambira satekeseka nalo, pomwe wofotokoza zomwe wayesa ndi pomwe zamukanika amamuyankha msanga. Pempholo lionetse ntchito ya sabata ndi sabata, lifike isanakwane 18:00 UTC pa tsiku lotsekera, yomwe ndi 20 koloko kuno ku Zambia. Kuchedwa ndi mphindi imodzi kulibe apilo.

Malamulowo anawalemba anthu omwe malaiti sawathimira. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi gawo lalikulu la tsiku. Wa ku Sinda kapena ku Vubwi awerengere ndalama za ma bundle, za batire kapena sola, ndi za thiransipoti yopita pomwe netiweki imagwira, chifukwa ntchito nthawi zambiri imatenga masabata 12 ndipo ndalama yoyamba imabwera pakati, mlangizi akavomereza kuti zikuyenda.

Malipirowo amayambira pa madola 750 kufika 6,600, malinga ndi dziko komanso kukula kwa ntchito: maola 90, 175 kapena 350. Sadzera pa Airtel Money kapena MTN. Amadzera ku Payoneer, yomwe imafuna chitupa ndipo nthawi zina umboni wa komwe munthu akukhala. Wa m'mudzi wopanda bilu ya madzi kapena ya magetsi apeza kuti umboniwo? Chothandiza ndi sitetimenti ya ku banki, koma akauntiyo imafuna NRC ndi TPIN ya ZRA, ndipo kwa ambiri a ku Vubwi zimenezi zikutanthauza ulendo wa ku Chipata. Ulendowo ndi bwino kuuyenda mu Januwale, dzina likulembedwa mofanana pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana ndalama zitha kuima mpaka atatsimikiza kuti mwini wake ndi yemweyo.