Malo a Makolo pa Tsiku la Masewero a Ana

Aliyense wa inu amene anakulira kumudzi akumbukira masanje. Chimanga chikakololedwa, ana ankapita m'minda kukakunkha zotsala, namanga timisasa ta mapesi kumphepete kwa mudzi. Kumeneko wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, ndipo wina ankasanduka fisi wakuba ndiwo. Koma taganizani: mphika ndi mthiko zinkachokera kuti? Nanga mchere ankapereka ndani? Mayi ndiye ankatulutsa zimenezi, namasula mwana ku ntchito za pakhomo tsiku limenelo. Nsima ikapsa, ana ankapita nayo kwa akulu, ndipo akuluwo ankalawa nayamika, ngakhale inali yosapsa bwino. Kulangiza kunkadza pambuyo pa kuyamika.

M'masanje tiona zinthu zitatu zimene kholo limapatsa mwana wosewera: zipangizo, nthawi, ndi maso. Mwana woimba m'kwaya ya sukulu, wovina pabwalo, kapena wothamanga pa mpikisano asowa zitatu zomwezo, ndipo mphunzitsi yekha sangathe kumpatsa zonse.

Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni. Chimenechi chinali chinthu chabwino ndithu, komabe makolo ena anayamba kuyesa kuti sukulu ndi ya boma lokha, ndi kuti udindo wawo utha mwana akatuluka pakhomo m'mawa. Tsono kuyambira 1994 mphunzitsi mmodzi asamala ana ambiri, ndipo kuyambira 2007 aphunzitsanso Expressive Arts, phunziro limene muli nyimbo, magule, zisudzo, masewera olimbitsa thupi ndi ntchito za manja. Nzeru za zinthu zimenezi sizili m'mabuku mokha ayi; zambiri zili kumudzi.

Tinene kuti mwakulira ku Mulanje, ndipo akutumizani kukaphunzitsa ku Dowa. Ana afuna kuvina mganda, gule amene anayamba potsanzira perete wa asilikali itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Kodi mudzadziwa bwanji chipanda choyenera kupangira badza, kapena mmene mizere itembenukira ng'oma ikasintha? Koma m'mudzi momwemo muli bambo amene wavina mganda kuyambira unyamata wake. Mukampempha mwaulemu kuti adzaphunzitse ana masana awiri pa sabata, mwapeza mphunzitsi mnzanu, ndipo pa tsiku la masewero sadzakhala kunyumba, pakuti gule amene avinidwayo ngwake. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Posankha tsiku, yang'anani kumunda musanayang'ane pa kalendala. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale anthu ali pa kalikiliki wa kupalira ndi kubandira, ndipo mu Febuluwale m'nkhokwe zambiri mulibe kanthu. Kholo limene silinabwere pa nthawi yotere silinanyoze sukulu ayi. Nyengo yabwino ndi ya Juni ndi Julayi, zokolola zitalowa, nyengo yomwe ija ya masanje. Pewaninso tsiku la msika, ndipo pakagwa maliro m'mudzi, sinthani tsiku osanyinyirika.

Poitana, kalata yopatsira mwana siikwana, pakuti makolo ena sawerenga, ndipo makalata ambiri amathera m'thumba la kabudula. Pitani kwa amfumu pamodzi ndi a komiti ya sukulu, kuti uthenga umveke pabwalo, kutchalitchi ndi kumzikiti. Kumbukiraninso kuti mawu oti kholo ndi aakulu. Pakati pa Achewa, Ayao ndi Alomwe malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndipo ana ambiri aleredwa ndi agogo. Onsewa aitanidwe. Mwana wamasiye asaimirire pabwalo wopanda womuyang'ana. Mpezereni mayi wa m'mudzi mwawo amene adzamlulutire.

Musapemphe ndalama pamene mungathe kupempha ntchito. Mukalamula kuti wovina aliyense agule nsalu yatsopano, mwana wa mmphawi adzadwala tsiku limenelo, ndipo matenda ake adzakhala manyazi. Koma wina akabwereka ng'oma, wina mphasa, amayi nafulula thobwa, abambo nalambula bwalo, aliyense ali ndi gawo lake. Momwemonso mwana aliyense apatsidwe chochita, ngakhale kuomba m'manja kapena kunyamula mpando wa mfumu m'sewero, pakuti palibe kholo limene liyenda mtunda wautali kudzaonerera ana a eni okha. Ndipo mbali yaikulu ya masewerowo ikhale m'chinenero chimene agogo akumva.

Pali chinthu china chofunika kusamala. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'chaka cha 2005, ali ndi eni ake ndi malamulo ake a kudambwe. Mphunzitsi amene aveka ana zigoba kuti atsanzire zilombo, osafunsa akulu, adzalakwira eni mwambo, ndiponso adzakhumudwitsa makolo amene chipembedzo chawo sichilola zimenezi. Funsani musanayambe kukonzekera, osati mlandu utafika kale kwa amfumu.

Potsiriza, pa tsikulo ana ena adzalakwa ndithu. Wina adzaiwala mawu, wina adzagwa pothamanga, wina adzaphonya sitepe. Masewero asanayambe, lankhulani ndi makolo mwachidule, muwakumbutse za nsima ya kumasanje ija. Mwana amene asekedwa ndi bambo wake pagulu sadzaimiriranso chaka chamawa, ndipo mwina sadzakwezanso dzanja m'kalasi. Koma amene wamva nthungululu ya mayi ake, ngakhale anapunthwa, adzabwera Lolemba m'mawa kudzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, tidzachitanso liti?"