Njanji zomwe mzinda wa Cape Town udazula

Pofika 6 koloko m'mawa, msewu wa N2 wochokera ku Khayelitsha kulowa mumzinda wa Cape Town umakhala utadzaza kale. Maminibasi, mabasi ndi magalimoto amangokwawa ngati nkhono, utsi uli tolotolo. Mwa anthu amene amalawirira chotere muli Amalawi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa ndi m'malo odyera. Ulendo wa makilomita pafupifupi 30 umawadyera nthawi komanso gawo lalikulu la malipiro awo.

Ndi ochepa mwa iwo amene amadziwa kuti mzindawu udali ndi matiramu. Tiramu ndi sitima yaing'ono yoyenda panjanji yoyalidwa mumsewu momwemo, ndipo imakoka magetsi ku nthambo zodutsa pamwamba pake. Ku Cape Town matiramu oyamba adayamba kuyenda m'chaka cha 1863, ndipo ankakokedwa ndi akavalo. Amagetsi adafika mu 1896, kuyambira mumsewu wa Adderley kukafika ku Mowbray, kenako mpaka ku Wynberg. Mu 1901 njanji ina idakwera phiri n'kutsikira ku Camps Bay. Eni malo kumeneko ankadziwa bwino kuti puloti siigulidwa kumene anthu sangathe kufikako. Lero Camps Bay ndi limodzi mwa madera odula kwambiri m'dziko la South Africa.

Koma mabasi ndi magalimoto atayamba kuchuluka, tiramu idayamba kuoneka ngati chinthu chachikale chongotsekereza msewu. Njanji ya ku Camps Bay idatsekedwa mu 1930, ndipo tiramu yomaliza idayenda mu January 1939. Mabasi amagetsi amene adalowa m'malo mwake nawonso adaimitsidwa mu 1964. Zitatero, boma la tsankho lidasamutsira anthu ambiri kutali ndi kuntchito kwawo. Dera la District Six lidalengezedwa kukhala la azungu okha mu 1966, ndipo Khayelitsha adakhazikitsidwa mu 1983. Amphawi ndiwo adasanduka oyenda mtunda wautali kuposa wina aliyense.

Mizinda ina yomwe idazula njanji zake idabwerera m'mbuyo. Strasbourg ku France idabwezeretsa matiramu mu 1994. Muno mu Africa, Rabat ndi Algiers adatsegula awo mu 2011, Casablanca mu 2012. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Tiramu imodzi yamakono imanyamula anthu oposa 200, pamene minibasi imanyamula 15 okha. Ikapatsidwa mpata wakewake mumsewu, siima pamzere wa magalimoto, choncho wokwera amadziwa nthawi yomwe akafike. Situlutsanso utsi pamene anthu akudikira, akugulitsa malonda kapena akuperekeza ana kusukulu.

Phindu lomwe anthu ogwira ntchito zachitukuko ayenera kuliyang'anitsitsa ndi la pamalo okwerera. Basi ikhoza kusintha njira mawa lomwe, koma njanji ikayalidwa siisuntha. Wogulitsa ndiwo zamasamba, wosoka nsapato ndi mwini golosale amalimba mtima kuika mpamba wawo pamalo pomwe akudziwa kuti anthu azitsika chaka ndi chaka. Zoona, tiramu siinyamula matumba a chimanga kapena madengu akuluakulu a kabichi ochokera m'minda ya ku Philippi. Koma imabweretsa wogula pamsika, ndipo msewu ukapepukidwa, galimoto yonyamula tomato imafika asanafote. Vuto n'lakuti malo oyandikana ndi njanji amakwera mtengo, ndipo ngati khonsolo sisungiratu malo a misika ndi nyumba zotsika mtengo, osauka omwewo amakankhidwiranso kutali.

Tiramu si mankhwala ochiza nthenda iliyonse. Magetsi ambiri a ku South Africa amachokera ku malasha, kotero utsi womwe wachoka mumsewu umakafuka kwina, ngakhale kuti Cape Town ili pafupi ndi malo opangira magetsi a nyukiliya a Koeberg. Kuzimazima kwa magetsi komwe kudasautsa dzikolo mu 2023 kukadaimitsa tiramu iliyonse yopanda nthambo zapadera. Ku Addis Ababa, sitima zamumzinda zomwe zidatsegulidwa mu 2015 zidayamba bwino, koma patapita zaka zingapo zambiri zidangoimikidwa chifukwa chosowa zipangizo zokonzera.

Cape Town nayo idalawa zowawa zotere. Kumapeto kwa 2019 njanji ya Metrorail yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain idatsekedwa mbava zitaba nthambo ndi kuononga masiteshoni. Mabanja osowa pokhala adamanga zisakasa panjanji pomwepo ku Langa ndi ku Philippi, ndipo kubwezeretsa sitima kudatenga zaka. Eni maminibasi atanyanyala ntchito mu August 2023, anthu zikwizikwi adayenda wapansi mumsewu wa N2 usiku kubwerera kwawo.

Kwa Lilongwe, komwe misewu ya Kenyatta ndi Mzimba idakulitsidwa, ndi kwa Blantyre, komwe msewu wopita ku Limbe umathina m'mawa ndi madzulo, nkhani yofunika msanga si kugula matiramu ayi, koma kusunga mpata mumsewu wa galimoto zonyamula anthu ambiri nyumba ndi mashopu zisanautseke. Ndi zomwe Cape Town idachita ndi mabasi a MyCiTi, omwe adayamba mu 2010 ndipo m'madera ena amayenda m'mpata wawowawo ngati tiramu yopanda njanji. Mu 2014 adafika ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain. Khonsolo ya mzindawu idayambanso kumanga njira ina yolumikiza madera awiriwa ndi Claremont komanso Wynberg, komwe matiramu ankafika njanji zisanazulidwe.