Breaker ikagwa, musaikakamize kudzuka

Magetsi akabwera madzulo atathima tsiku lonse, m'nyumba zambiri zonse zimayatsidwa nthawi imodzi: hotipuleti, ketulo, simbi yositira yunifolomu za ana. Posakhalitsa mdima wabwerera, chonsecho kwa aneba kukuwala ndipo mita ikusonyeza kuti mayunitsi alipo. Apa vuto si la ESCOM. Breaker ya m'bokosi la magetsi yagwa, ndipo sigwa popanda chifukwa.

Nthawi zambiri gwero lake ndi kuchulutsa katundu pa mzere umodzi wa mawaya. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a mavoti 230, choncho breaker yolembedwa 20A inapangidwira mawati pafupifupi 4,600. Ketulo yokha imadya mawati ngati 2,000, hotipuleti ya mbale ziwiri chimodzimodzi. Mukawonjezera simbi ndi hita ya m'nyengo yozizira, mwadutsa malire. Mkati mwa breaker muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatikizana. Kakatentha kamapindika, popeza chitsulo chimodzi chimafutukuka msanga kuposa chinzake, ndipo kamagwetsa switchi. N'chifukwa chake breaker yolemedwa imayamba yapirira kwa mphindi zingapo isanagwe.

Shoti ndi nkhani ina. Mawaya awiri akakhudzana, kaya makoswe atafuna pulasitiki yake kudenga kapena chingwe cha simbi chaperepeseka, magetsi ochuluka zedi amadutsa mwadzidzidzi. Kamaginito ka mu breaker kamadula magetsiwo m'kuphethira kwa diso.

M'mabokosi ena mulinso earth leakage, switchi yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Iyi imayerekeza magetsi olowa ndi obwerera. Ochepa chabe, mamiliampu 30, akasochera kudzera m'madzi, m'chitsulo kapena m'thupi la munthu, imagwa. Imagwa kawirikawiri m'dzinja denga likamadonthera pa mawaya, kapena elementi ya giza ikabooka. Ntchito yake ndi kuteteza moyo, pomwe breaker wamba imateteza mawaya kuti asapse.

Breaker ikagwa, pitani kubokosi ndi tochi, manja ali ouma, mutavala nsapato. Zulani zipangizo zonse pa masoketi a mzere wathimawo. Tsitsirani switchi pansi penipeni, kenako muikweze. Ikakhazikika, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Chomwe chaigwetsanso nthawi yomweyo ndicho chodwala, chipite kwa okonza. Ngati yagwa zonse zitayaka pamodzi, ndiye kuti katundu wachuluka: phikani kaye, musite pambuyo.

Koma ikagwanso zonse zili zozula, vuto likhoza kukhala m'mawaya a m'khoma kapena kudenga. Isiyeni ili chigwere, muitane wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Teroninso mukamva fungo la pulasitiki yopsa, mukaona soketi yada, kapena bokosi likamatentha ndi kulira.

Choopsa kwambiri ndi nzeru zachidule: kumanga switchi ndi tepi, kulumphitsa waya, kapena kuchotsa breaker ya 20A n'kuikapo ya 32A. Kukula kwa breaker kumatengera kunenepa kwa waya womwe ikulondera. Mukaikapo yaikulu, waya wowonda uja amatentha m'khoma popanda womuletsa, mpaka moto kubuka anthu ali m'tulo.