Fungo si umboni wa mkungudza wa ku Mulanje

Mtengo umene mayi wina wa ku Chitakale anandionetsa kuseri kwa nyumba yake unali wobiriwira bwino, pomwe chiperoni cha mu June chinali chitafotsa maluwa ake ena. Mbande yake anaigula m'mbali mwa msewu zaka zingapo zapitazo, wogulitsa akulumbira kuti ndi mkungudza weniweni wa m'phiri. Umboni wake? Suopa chisanu, ndipo ukatikita masamba ake umamva fungo.

Umboni umenewu ndatopa kuumva. Mtengo wa cypress wochokera ku Mexico, umene uli m'mipanda yambiri kuno, nawonso umanunkhira ndipo umapirira kuzizira. Mphuno siingakuuzeni dzina la mtengo.

Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti mkungudza uli ndi nkhope ziwiri. Ukadali mbande, masamba ake amakhala aatali ngati singano, ofewa, otambasuka mozungulira kanthambi. Masamba otere amakola dzuwa lambiri, ndipo kamtengo kamafunika dzuwalo kuti kathamange kukula kasanaphimbidwe ndi tchire. Ukasinkhuka, masamba atsopano amatuluka ang'onoang'ono, omatirira kunthambi ngati mamba a nsomba. Amenewa sataya madzi ambiri, ndipo mphepo yowuma ya pamwamba pa Chambe kapena Lichenya m'phiri la Mulanje siiwapweteka. Pali nthawi imene mtengo umodzi umakhala ndi masamba a mitundu yonse iwiri, a singano m'munsi, a mamba kunsonga, mwakuti munthu angaganize kuti wadwala. Vuto ndi lakuti cypress nayenso amasintha chimodzimodzi, choncho wogula mbande amapusitsika mosavuta.

Chimene sichinama ndi chipatso chake cholimba chija chosunga njere. Cha mkungudza wa ku Mulanje chimatseguka m'zigawo 4. Cha cypress chimakhala chobulungira, kawirikawiri cha zigawo 6 mpaka 8, chilichonse chili ndi kansonga pakati.

Ngakhale zigawo zikwane 4, nkhani siinathe. Mu 1997 akatswiri a zomera Pauw ndi Linder anaonetsa kuti m'phiri la Mulanje muli mitundu iwiri ya mtengowu. Widdringtonia nodiflora ndi wamfupi, umaphukiranso patsinde moto ukadutsa, ndipo umapezekanso ku Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Widdringtonia whytei, wotchedwa dzina la Alexander Whyte, ndiye mtengo wa fuko lathu. Mwachilengedwe umamera m'phiri ili lokha, ndipo ukapsa, wapita.

N'chifukwa chake bodza la m'mbali mwa msewu limandipweteka. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha ya mtunduwu itatsala m'phiri lonse, ocheka matabwa ndi moto zitasesa ina yonse. Munthu amene wadzala cypress akuganiza kuti akupulumutsa mkungudza wataya zaka zake, ndipo mtengo weniweniwo sunapindule kanthu.

Pa mtengo wa mayi uja tinathothola chipatso chimodzi n'kuwerenga limodzi. Zigawo zinakwana 8.

Ngati mukukayika za mtengo wanu, dulani kanthambi kokhala ndi zipatso mukaonetse a zankhalango ku Likhubula kapena a Mulanje Mountain Conservation Trust, ndipo musanagule mbande ina funsani kumene njere zake zinachokera.