Phazi lopanda nsapato silicititsa manyazi

Tsiku lina pa Katete Stores anthu anasiya malonda kuyang'ana mtsikana wacizungu amene anatsika basi yocokera ku Lusaka. Analibe nsapato, ndipo anabvala kabudula wamfupi kwambiri. Anyamata anaseka mapazi ake. Amai ogulitsa matimati sanasamale za mapaziwo ai, iwo cinawabvuta ndi nchafu zoonekera, ndipo mmodzi anamuitanira pambali nampatsa citenje.

Ife tiganiza kuti amai aja ndiwo anadziwa mwambo. Pa Cicewa munthu wopanda nsapato sanalakwire munthu aliyense. Makolo athu anali kuyenda pansi kumunda, kumaliro ngakhale kwa mfumu, koma ulemu wao unali wonse. Cimene mwambo umakana ndi kuonetsa nchafu pagulu. Ndiye cifukwa cake pa Kulamba ku Mkaika, pamene mafumu a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi mwezi wa August, amai amafika atamanga citenje. Anzathu a ku Malawi anafika poika lamulo mu 1973 loletsa akazi kubvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, koma linacotsedwa mu 1993.

Kwa azungu zinthu ndi zosiyana. Kabudula kwa iwo ndi cobvala ca nthawi yotentha basi, ndipo amene ayenda pansi acita dala, nsapato anazisiya m'cola. Mwana wa ku Vubwi kapena ku Sinda akayenda pansi nthawi zambiri ndi cifukwa cakuti thonje ndi cimanga sizinagulidwe bwino. Mlendo tiyenera kumuuza mwaulemu monga anacitira amai aja, koma mwana wathuyu kodi timamucita ciani?

Apa ndi pamene ife Akristu talakwa. Caka ciliconse timaphunzitsa ana katekisimu, koma likafika tsiku la Ukaristia woyamba ena saoneka. Tikawalondola kumudzi makolo amati mwana analibe nsapato, anaopa kusekedwa ndi anzake. Ena amabwereka nsapato zothina nafika kuguwa akutsimphina. Palibe lamulo la Mpingo lonena kuti wolandira sakramenti akhale ndi nsapato. Lamulo limeneli tapanga tokha ndi maso athu ndi pakamwa pathu.

M'buku la Eksodo mutu 3 Mose anauzidwa kubvula nsapato cifukwa malowo anali oyera. Pa Lacisanu Loyera ansembe ambiri amabvula nsapato popita kukalambira mtanda, ndipo abale athu Asilamu amazisiya pakhomo polowa mumzikiti. Nanga ife tingamuseke bwanji mwana wobwera kwa Mulungu ndi mapazi cabe?

Sitikunena kuti nsapato n'zosafunika. Zimateteza ku matekenya, kuminga ndi ku njoka za m'mimba zimene zimalowera kuphazi poponda dothi loipitsidwa. Amene angathe agulire mwana ngakhale mapatapata kapena za pa salaula, ndipo miphakati isonkhe zimene ana ena asiya cifukwa ca kukula.

Pempho lathu kwa makolo ndi ili: musatsekereze mwana kunyumba cifukwa ca nsapato. Msambitseni, mubvekeni zocapa zobisa thupi, abwere ku Misa. Ndipo inu oyang'anira pakhomo la chalichi, mwana wotere mukhazikeni kutsogolo pamodzi ndi anzake.