Besi ya Dyani ndi alendo athu a ku Dzaleka

Abale anga a mumsika ndi a pasukulu, ndikamva anthu akunyoza othawa kwawo a ku Dzaleka, m'mapiri a Dowa, ndimakumbuka Johnny Dyani.

Dyani anali wa ku East London, ku South Africa, katswiri wa besi yaikulu ija yoimba choimirira. Gulu lake, Blue Notes, linali la anthu akuda ndi mzungu mmodzi, Chris McGregor. Boma la tsankho linkadana nazo zimenezo, ndiye mu 1964 anyamatawo anathawira ku Ulaya.

Kumeneko Dyani analowa mu free jazz, nyimbo zopeka pomwepo, oimba kungomvetserana basi. Mu 1966 anajambula chimbale ndi Steve Lacy ku Buenos Aires. Mu 1978 kampani ya SteepleChase ya ku Denmark inamujambulira Song for Biko, kulira Steve Biko amene anafera m'manja mwa apolisi mu 1977. Dyani anamwalira ku Berlin mu 1986, kwawo kusanamasuke.

Lero tikumumvabe chifukwa eni dziko anamutsegulira situdiyo, sanamupirikitse.

Nanga ife? Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Kuyambira 1994 ndi msasa, ndipo muli anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chinaonetsa poyera kuti luso lilipo.

Inu eni masitudiyo ku Lilongwe, Dowa si patali ayi. Kawajambuleni, muwaphatikize ndi anyamata a babatoni a ku Ntchisi. Paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.